Ulendo wa Pabwato m'Nkhalango ya Amazon

Kutsidya kwa nyanja yamcere ya Atlantic, ku South America, kuli mtsinje waukulu dzina lace Amazon. Magwero ace ali m'mapiri a Andes m'dziko la Peru, ndipo madzi ace amayenda ulendo wa makilomita 6,400 kapena kupitirira, kudutsa dziko la Brazil, asanathire m'nyanja. Palibe mtsinje wina pa dziko lapansi umene umasenza madzi ambiri monga uwu. Mzungu woyamba kutsika nao kufikira ku mathiriro ace anali Francisco de Orellana wa ku Spain, m'caka ca 1542, koma eni dziko anali atapalasa mabwato ao pamenepo zaka zikwi zambiri iye asanabadwe.

M'mbali zonse za mtsinjewu muli nkhalango yowirira. Mitengo yace siyoyola masamba yonse pamodzi monga imacitira ya m'chire nyengo ya malimwe, pakuti mvula ya kumeneko ndi yambiri, ndipo siikhalitsa osagwa. Miseu ndi yowerengeka. Munthu wofuna kuona za m'katimo ayenera kulowa m'bwato, ndiponso ayenera kupeza namulondola, ndiye mwini dera wodziwa njira. Wopita yekha angathe kusokera tsiku loyamba lomwe.

Aulendo ambiri amayambira pa Manaus, mzinda wa anthu oposa 2,000,000 umene unamangidwa pakati pa nkhalango. Ngakhale uli pa mtunda wa makilomita ngati 1,500 kucokera ku nyanja, zombo zazikulu za pa nyanja yamcere zimafika ndi kukoceza pa dooko lace. Mzindawu unalemera kale ndi mpira. Anthu ankatema makungwa a mitengo ya mpira ndi kutunga utomoni wace woyera ngati mkaka, ndipo eni malonda analemera kotero kuti anamanga nyumba yokongola ya masewero, Teatro Amazonas, imene inatsegulidwa m'caka ca 1896. Koma otema mitengo aja anakhala m'ngongole ndi m'ukapolo, ndipo ambiri anafera m'nkhalango momwemo. M'caka ca 1876 Mngelezi wina, Henry Wickham, anali atatenga mbeu za mpira 70,000 kupita nazo ku London, ndipo pamene minda ya mpira ya ku Asia inayamba kubala, cuma ca Manaus cinagwa. Nyumba ija ikalipobe, ndipo aulendo amaiona asanatsikire ku gombe.

Codabwitsa coyamba ciri pafupi ndi mzinda. Pamenepo pamakomana mitsinje iwiri, Rio Negro ndi Solimões, ndilo dzina limene anthu a ku Brazil amachula Amazon wa kumtunda. Madzi a Rio Negro ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, cifukwa amacokera m'nthaka ya mcenga m'mene masamba obvunda amasiya mtundu wao. Madzi a Solimões ndi ofiirira, cifukwa amanyamula dothi la ku Andes. Mitsinjeyi ikakomana siisanganikirana msanga ai. Imayenda m'khwawa limodzi makilomita ngati 6, wakuda mbali iyi, wofiira mbali iyo, monga anthu awiri osalankhulana oyenda njira imodzi. Namulondola amaimitsa ngalawa pa malire pomwepo, nauza aulendo kuti abviike dzanja uku ndi uku. Wobviikayo amamva yekha kuti madzi akuda ndi ofunda, ofiira ndi ozizira. Akudawo amayendanso pang'onopang'ono pamene ofiira amathamanga, ndico cifukwa cace amacedwa kusanganikirana. Ku madzi akuda udzudzu ndi wocepa ndipo munthu amagona tulo tabwino, koma nsomba zambiri ndi nthaka yaconde ziri ku madzi ofiira. Cotero wofuna kuona nyama zambiri ayenera kulola kulumidwa.

Kucokera ku Manaus aulendo amakwera ngalawa yaikulu ya nsanja ziwiri kapena zitatu yopita kumadzulo ku Tefé, mtunda woposa makilomita 500. Ambiri sagona pa kama. Munthu ali yense amabwera ndi macila ace a nsalu, nawamangirira ku zitsulo za kudenga, ndipo macilawo amathithikana kotero kuti wina akatembenuka mnzace amagwedezeka. Pansi pao pamakhala matumba a ufa, mikoko ya nthoci ndi akatundu ena otere. Pokwera mtsinje ngalawa imayenda ca m'mphepete, m'mene madzi alibe mphamvu zambiri, ndipo ulendowo umatenga pafupifupi masiku awiri.

Pafupi ndi Tefé, pakati pa mitsinje ya Solimões ndi Japurá, pali dera lochedwa Mamirauá, lalikulu masikweya kilomita oposa 11,000. Boma la cigawo ca Amazonas linapatula derali m'caka ca 1990, ndipo m'caka ca 1996 linaika lamulo lakuti anthu a m'midzi asacotsedwe, koma akhale momwemo ndi kusunga nkhalangoyo eni ace. Amene analimbikira zimenezi anali José Márcio Ayres, munthu wophunzira za apusi, amene anamwalira m'caka ca 2003. Anamulondola a ku Mamirauá ndi amuna ndi akazi a m'midzi yomweyo, ndipo amagwira nchitoyo mosinthana, kuti malipiro afike m'mabanja ambiri ndiponso kuti minda isagone.

Caka ciri conse madzi a kumeneko amakwera mamita 10 kapena 12, ndiko kuti msinkhu wa amuna asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri ataimirirana pa mapewa. M'miyezi ya May, June ndi July nthaka youma siioneka konse. Nkhalango yonse imaima m'madzi, ndipo bwato limapita pakati pa nthambi zimene m'mwezi wa October munthu amaziona ziri kutali kumwamba. Nsomba zimasambira m'njira zimene anthu ankayenda ndi miyendo, ndipo mitengo siifa, pakuti inazolowera kumira miyezi ingapo caka ndi caka.

M'mamawa, nkhungu ikali pamadzi, aulendo amasiya ngalawa ya injini nalowa awiriawiri m'timabwato tating'ono. Namulondola amakhala kutsogolo kwa bwato, osati kumbuyo, ali ndi nkhafi yace yaifupi yaphanthi ndi cikwanje pambali. Asanayambe kupalasa amawacenjeza, nati, "Alendo anga, musagwire nthambi, ngakhale bwato litapendeka." Mau amenewa ali ndi cifukwa cace. Pamene madzi anadzaza pansi, nyerere, akangaude, zinkhanira ndi njoka zinathawira m'mitengo, ndipo mabvu amamanga zisa zao kuseri kwa masamba. Iripo mitengo ina ya mtundu wa kanjedza imene thunthu lace lonse liri ndi minga yaitali ngati singano.

M'katimo muli mdima ngati wa madzulo, pakuti masamba a kumwamba amachinga dzuwa. Zilambe zimalendewera kucokera ku nthambi kufikira m'madzi. Mlendo akayang'ana uku ndi uku amaona mitengo yokhayokha yofanana, ndipo patapita kanthawi sadziwanso kumene wacokera. Koma namulondola amazindikira mtengo uwu ndi uwo monga munthu azindikira nyumba za m'mudzi mwao. Amayang'ana kumene masamba oyandama akulowera, nadziwa kumene kuli mtsinje. Akaona makoko a zipatso zosapsa akuyandama, amatola limodzi, nayang'ana m'mene mano analowera, nadziwa nyama imene yadya ndi nthawi imene yadutsa. Alipo anthu amene amayesa kuti nzeru zimapezeka pa benci la sukulu pokha. Wotere akalowa m'bwato limeneli amasanduka mwana wobelekedwa kumbuyo, ndipo sacedwa kubvomera.

Nyama imene aulendo amalakalaka kuona koposa ndiye pusi wochedwa uakari. Ubweya wace ndi woyera ndi wautali, mcira wace ndi waufupi, ndipo mutu wace ndi wadazi, nkhope yace yofiira psuu. Anthu a kumeneko amamucha pusi wa Cingelezi, pokumbukira m'mene nkhope za Azungu zimafiirira ndi dzuwa. Uakari woyerayu amakhala m'nkhalango za madzi za dera lomwelo, ndipo ndiye anakokera Ayres ku Mamirauá. Mano ace ndi olimba, amaswa nao makoko a zipatso zosapsa kuti adye mbeu za m'kati. Ndi wamanyazi ndithu. Aulendo ena amakhala masiku anai osamuona, ena amangoona nthambi ikugwedezeka ndi kanthu koyera kakulumpha. Namulondola woona salonjeza kuti adzamuona.

Apusi ofiira ochedwa guariba ndiwo osabvuta kupeza, cifukwa amadziulula okha. Mbandakuca aamuna amabangula ndi mau onga mphepo yamkuntho, omveka makilomita angapo, ndipo mlendo wowamva koyamba amadzidzimuka nayesa kuti ndi cirombo coopsa. Pamwamba pa mitengo pamadutsa zinkhwe zazikulu za nthenga zofiira, zacikasu ndi zobiriwira, ziwiriziwiri, zikulongolola.

Iriponso nyama imene m'Cipwitikizi amaicha preguiça, ndiko kuti ulesi. Imalendewera ku nthambi ndi zikhadabo zace zazitali, miyendo kumwamba, msana pansi, ndipo imasuntha pang'onopang'ono kotero kuti ndere zimamera m'ubweya wace ndi kuisandutsa yobiriwira. Imadya masamba, ndipo imatsika mumtengo ngati kamodzi pa mlungu kukadzithandiza. Koma dzina lija anaipatsa mopanda cilungamo, pakuti masamba alibe mphamvu zambiri, ndipo nyama yodya masamba okha ikamathamanga ingafe ndi njala. Kucedwa kwaceko kumaibisanso kwa ziombankhanga. Ikagwera m'madzi imasambira bwino kopambana m'mene imayendera pamtunda.

M'zitsamba za m'mphepete mwa nyanja zazing'ono mumakhala mbalame yochedwa cigana, yaikulu ngati nkhuku, ya nthenga zoimirira pamutu. Iyonso imadya masamba, amene amasasa m'cithokomiro mwace, cotero imanunkha, ndipo alenje saifuna. Anapiye ace ali ndi zikhadabo pa mapiko. Mdani akafika pa cisa amadziponya m'madzi, nasambira, ndipo zoopsa zikapita amakweranso mumtengo ndi zikhadabo zija. Za jaguar, amene afanana ndi nyalugwe koma ndi wojincha kuposa iye, anthu ophunzira anapeza kuti ku Mamirauá amakhala m'mitengo nyengo yonse ya cigumula, nagona ndi kusaka momwemo. Kumuona ndi mwai waukulu.

Nthawi zina namulondola amaleka kupalasa, nakweza dzanja kuti onse akhale cete. Pamenepo pamamveka kuphulika kwa zipatso za mtengo wa mpira, zimene zikauma zimasweka ndi kumwaza mbeu zao, ndipo mbeu ikangogwa m'madzi pamaoneka kabvundu. Imeneyo ndi nsomba yochedwa tambaqui, imene iri ndi mano aphanthi onga a munthu, oswera mbeu zolimba. Imanenepa ndi zipatso nyengo ya cigumula, ndipo mafuta amenewo amaisunga madzi akaphwa. Nsomba zodya zipatso zimameza mbeu zina zathunthu ndi kukazitaya kutali, kumene zimamera. Cotero wodula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje amacepetsa nsomba za m'mbale mwace.

Pobwerera ku mtsinje aulendo amamva kupuma kwamphamvu kumbuyo kwa bwato. Akaceuka amaona msana wofiirira ukumira. Imeneyo ndi boto, nyama ya m'madzi yonga nsomba yaikulu, koma yoyamwitsa ana ace ndi yopuma mpweya pa ciboo ca pamutu. Iri ndi mlomo wautali ndi maso aang'ono, ndipo khosi lace limapindika, cotero imatha kukhota pakati pa mitengo yomira posaka nsomba. M'nthano za kumeneko amati usiku wa magule boto amasanduka mnyamata wokongola wobvala zoyera, amene sabvula cipewa cace poopa kuti ciboo cija cingaoneke.

Masana amaima pa mudzi. Nyumba zina anazimanga pa nsanamira zazitali, zina pa zipika zazikulu zoyandama zomangirira ku mtengo, kotero kuti madzi akakwera nyumba imakwera nao. Ng'ombe ndi nkhuku amazisunga pa nsanja, nazitengera udzu pa bwato. Ana amapita ku sukulu akupalasa okha. Pa cakudya mlendo wocokera ku Zambia angazindikire cinthu cimodzi, ndico cinangwa. Kwao kwa cinangwa ndi ku South America, ndipo Apwitikizi ndiwo anacitengera ku gombe la Congo m'zaka za m'ma 1500, cisanafalikire kufikira ku Luapula ndi kwina. A ku Amazon amacibzala madzi akangophwa, nafulumira kukumba cigumula cisanabwerenso. Amacibviika, nacipala, nacifinya m'thumba lalitali loluka kuti madzi aululu acoke, kenaka nacikazinga pa ciwaya cacikulu kufikira cisanduke timiyala touma tochedwa farinha. Sapika nsima, koma amawaza farinha pa nsomba ndi pa msuzi.

Usiku amaturuka ndi nyali ya m'manja. Acule amalira mbali zonse, ndipo ziphaniphani zimathwanima m'udzu woyandama. Namulondola akawalitsa nyali pamwamba pa madzi pamaoneka timoto tofiira tiwiritiwiri, makumi ndi makumi. Amenewo ndi maso a caiman wakuda, mbale wace wa ng'ona, amene wamkulu amapitirira mamita anai. Kale anthu anawapha ambiri cifukwa ca zikopa zao, koma ku Mamirauá anacurukanso. Pamenepo palibe mlendo amene amafunanso kuuzidwa kuti asatulutse dzanja kunja kwa bwato.

Koma cimene anthu a ku Mamirauá amanyadira koposa ndi nsomba yochedwa pirarucu. Yaikulu imatalika mamita awiri, ina kufikira atatu, ndipo iripo yolemera makilogramu 200. Mamba ace ndi olimba, ofiira ca kumcira, ndipo lilime lace liri ndi pfupa lokhakhala limene amaliumitsa ndi kupalira zinthu ngati tupa. Ana ace akaswa, yaimuna ndiyo imawasunga, iwo akusambira mozungulira mutu wace. Nsombayi imakhala m'nyanja zazing'ono za madzi ofunda, m'mene mpweya ndi wocepa, cotero imapuma mpweya wa kunja. Pakapita mphindi 15 kapena 20 iyenera kubvuuka ndi kumeza mpweya, apo ai ingamire ngati munthu. Cimene cimaipulumutsa m'madzi oipa ndico cimaiperekanso kwa msodzi, pakuti iye amangodikira ndi mkondo wace mpaka ibvuuke.

Pamene kunafika maukonde a nailoni, mainjini ndi ngalawa zonyamula madzi oundana, pirarucu inaphedwa yambiri, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, kufikira inayamba kusowa. M'caka ca 1996 boma linaletsa kuipha m'cigawo ca Amazonas. Kwa anthu a m'midzi lamulo limeneli linali lowawa, pakuti nsombayo ndiyo inali ndalama zao zogulira mcere, sopo ndi zobvala. Tsono asodzi okalamba ananena kuti iwo angathe kuwerenga pirarucu ziri m'madzi momwemo. Kwa munthu wosadziwa, mauwo anali ngati nthabwala, pakuti madziwo ndi amatope ndipo nsomba imaoneka kamphindi kocepa. Koma mnyamata wina wophunzira za nsomba, Leandro Castello, anaganiza zowayesa. Asodzi anawerenga m'nyanja zingapo mwa njira yao. Pambuyo pace ophunzira anagwira nsomba ndi maukonde, naziika zizindikiro, nazibweza, nazigwiranso, kuti apeze ciwerengero mwa njira ya masamu. Pamene anayerekeza, ziwerengero ziwirizo zinali pafupifupi zofanana.

Kawerengedwe kace ndi kotere. Nyengo imene madzi aphwa ndipo nyanja zalekana ndi mtsinje, asodzi amagawana nyanja, yense cigawo cace. Amakhala cete mphindi 20, maso ndi makutu pamadzi. Nsomba ikabvuuka, msodzi amadziwa mwa mau a kupuma kwace, mwa mafunde ndi mwa maonekedwe a mcira ngati iri yaikulu kapena yaing'ono, ndiponso ngati ndi yomwe ija yabvuukanso. Mphindizo zikatha amasunthira patsogolo nayambanso. Akaphatikiza ziwerengero, boma limawalola kupha zosapitirira zitatu mwa nsomba zazikulu khumi ziri zonse. Yosakwana mita imodzi ndi theka saipha, ndipo kuyambira December kufikira May, pamene ikuswa, saikhudza. Nyanja zina amazisiyiratu kuti zikhale zoswera, ndipo amuna amalonda usiku mosinthana kuti akuba ocokera kutali asalowe. Nchito yolondayi ndi yotopetsa ndi yoopsa, ndipo mtengo umene ogula amapereka sukondweretsa asodzi nthawi zonse. Komabe ku Jarauá, kumene anayamba njira imeneyi m'caka ca 1999, pirarucu zinali zoposa pang'ono 2,000, ndipo pofika 2006 zinapitirira 20,000. Midzi yambiri ya m'mitsinje ina inatengera njira yomweyo. Mlendo akakhala cete pa nyanja ya Mamirauá amamva kupuma kwa nsombazo uku ndi uku, ndipo namulondola amangoloza ndi mlomo, osaceuka, nanena ukulu wa iri yonse.

Liripo bvuto lina limene alonda a usiku sangathe kulichinga. Mitengo ya Amazon imakoka madzi m'nthaka ndi kuwatulutsa m'masamba, ndipo madziwo amasanduka mitambo imene imagwetsanso mvula patsogolo. Koma gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi la nkhalangoyo, kapena kupitirira, linadulidwa kale, makamaka kum'mwera ndi kum'mawa, kuti pakhale mabusa a ng'ombe ndi minda ya soya. Dziko lonse lapansi likunka litenthanso. M'caka ca 2023 kunagwa cilala coopsa. Kumapeto kwa September madzi a m'nyanja ya Tefé anatentha kupitirira madigiri 39, ndiko kuposa thupi la munthu, ndipo boto pamodzi ndi abale ace aang'ono ochedwa tucuxi anafa oposa 150 m'masabata owerengeka. Mitsinje ing'onoing'ono inauma, mabwato anakhala pa matope, ndipo anthu a m'midzi yambiri anayenda mitunda yaitali pa mcenga wotentha kukafuna madzi akumwa ndi cakudya.

Aulendo akabwerera ku Manaus amatha kuona pa dooko pamene anthu akhala akuyeza msinkhu wa madzi a Rio Negro kuyambira caka ca 1902. M'mwezi wa June 2021 madzi anakwera kufikira mamita 30.02, nalowa m'miseu ya mzinda, ndipo cigumula cotere cinali cisanalembedwepo. M'mwezi wa October 2023 anatsika kufikira mamita 12.70, kucepa kumene kunali kusanaonekepo ciyambire kuyeza. M'mwezi wa October 2024 anatsikanso kufikira mamita 12.11.